Mmene mungakonzekerere kukwezedwa pantchito ya boma pamene boma lilibe ndalama

Chuma cha dziko chikagwedezeka, maboma amadula zinthu mofanana. Amayamba n'kusiya kulemba anthu atsopano. Kenako kukweza anthu pantchito kumaima. Nthawi zina amalengeza poyera, nthawi zina sanena kanthu, mumangoona kuti mkulu wapuma pantchito koma mpando wake sukulengezedwa. Ndalama zophunzitsira ogwira ntchito zimasowa mu bajeti mwakachetechete, pajatu palibe amene amaguba pamsewu chifukwa choti kosi yalephereka. Malipiro amaima malo amodzi, mitengo ya zinthu ili pa liwiro.

Izi si za mayiko osauka okha. Ku Ireland adaletsa kulemba ndi kukweza anthu m'boma mu Marichi 2009, ndipo kumayambiriro kwa 2010 adadula malipiro. Ku Greece, dzikolo litalandira ngongole ya mayuro 110 biliyoni kuchokera ku mayiko a ku Ulaya ndi IMF mu Meyi 2010, adakhazikitsa lamulo loti anthu asanu akachoka pantchito alowe mmodzi yekha. Ku Britain adaimitsa kukweza malipiro kwa zaka ziwiri kuyambira 2011, ndipo mu 2012 adatsekeratu National School of Government, sukulu yomwe inkasula ogwira ntchito m'boma. Zambia nayo idaimitsa kukweza malipiro a m'boma mu 2014 ndi 2015.

Ine ntchito yanga yakhala ya mu ofesi yoona za ogwira ntchito, kumene timasunga mafayilo ndi kusankha mayina a anthu oitanidwa ku intavyu. Chomwe ndaona mobwerezabwereza ndi chakuti chiletso sichichoka pang'onopang'ono. Mipando yomwe yakhala ikuunjikana imalengezedwa tsiku limodzi, nthawi yofunsira imakhala milungu yochepa chabe, ndipo ife timayang'ana zomwe munthu ali nazo m'manja pa tsiku lotseka. Amene akudikira zotsatira za mayeso ake omaliza timamuika pambali, ngakhale atakhala katswiri kuposa onse. Ndiye kuti amene adzakhale kutsogolo kwa mzere amadziwika m'zaka za chiletso zomwezi, nthawi yomwe anthu ambiri amati palibe chikuchitika.

Yambani ndi mpando, sukulu pambuyo

Musanalipire fizi kulikonse, pitani ku ofesi ya ogwira ntchito mukapemphe chikalata cholongosola magiredi a ntchito yanu, chomwe m'maofesi ambiri timachitcha scheme of service. N'chouma kuwerenga, koma ndi chomwe chimakhala patebulo pathu posankha mayina. Muyang'anemo zinthu zitatu za giredi yomwe ili pamwamba pa yanu ndi inanso yotsatira: maphunziro omwe amafunika, zaka zomwe muyenera kukhala mutatha pa giredi muli panoyo, komanso ngati munthu amakwera pokhapokha mpando utapezeka kapena amakwera akangokwanitsa zoyenera. Lembani mawu ake monga momwe alili. Musadalire zomwe mudamva kwa anzanu pa nthawi yopuma, chifukwa zikalatazi zimasinthidwa ndipo ambiri amakumbukira zakale.

Mnzathu wina wa ku nthambi yogula katundu wa boma adagulitsa galimoto kuti alipire masitazi ya za ubale wa mayiko. Adakhoza bwino, zithunzi za mkanjo tidaziona tonse. Mpando wa mkulu wa nthambiyo utalengezedwa, chikalata chinkafuna pepala la ukatswiri wa zogulagula, ndipo masitazi ija sinkawerengedwa nkomwe. Amene adatenga mpandowo adali mayi wina wofatsa amene ankalemba mayeso a CIPS, bungwe la akatswiri ogula katundu, limodzilimodzi popanda ambiri kudziwa. Mnzathu uja adakwiyira ife a mu ofesi, koma ife tinkangotsatira zomwe zidalembedwa kalekale, iye asanalembetse n'komwe sukulu.

Mukatha apo werengani mipando. Unduna uliwonse uli ndi mndandanda wa mipando yovomerezeka pa giredi iliyonse. Ngati pa giredi yanu mulipo anthu 40, pamwamba panu pali mipando 3, ndipo okhalapowo atsala ndi zaka 15 kuti apume, digiri ina siikuthandizani pamenepo. Yang'anani nthambi yoyandikana nayo komwe mipando ilipo koma anthu oyenerera akusowa. Kawirikawiri kumakhala kwa ofufuza za kayendetsedwe ka ndalama, ogula katundu, a ziwerengero, a makompyuta ndi oona za misonkho. Nthambi zotolera ndalama ndi zoteteza ndalama ndi zomwe boma limaziloleza kulemba anthu ngakhale pa nthawi ya chiletso, chifukwa obwereketsa ndalama amaziyang'anitsitsa.

Pepala likhale lodziwika

Nthawi ya mavuto ndi imene kumabuka sukulu zolonjeza digiri yotsika mtengo m'miyezi yochepa. Fufuzani zinthu ziwiri, osati chimodzi: ngati sukuluyo ndi yovomerezeka, komanso ngati maphunziro enieniwo omwe mukufuna ndi ovomerezeka. Sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa bwinobwino koma pulogalamu ina mkatimo ili yosavomerezedwa. Dziko lililonse lili ndi bungwe loona zimenezi, monga SAQA ku South Africa, ZAQA ku Zambia, TCU ku Tanzania ndi NCHE ku Malawi. Ngati sukuluyo ndi yakunja kapena ya pa intaneti, lemberani bungwelo musanalipire, ndipo yankho libwere pa pepala. Mawu a pafoni sitiika mu fayilo.

Za kugula satifiketi musaziyerekeze n'komwe. Boma likafuna kuchepetsa ndalama za malipiro popanda kulipira anthu ochotsedwa, njira yotsika mtengo ndi kuwerenga anthu ndi kufufuza mapepala awo. Greece idawerenga ogwira ntchito m'boma onse mu 2010. Ku Tanzania mu Epulo 2017 Pulezidenti John Magufuli adachotsa ntchito anthu oposa 9,900 tsiku limodzi chifukwa cha masatifiketi achinyengo. Ena mwa iwo adali atagwira ntchito zaka zambirimbiri. Ngati dzina la pa satifiketi yanu ya kusekondale likusiyana ndi la pa chiphaso chanu, kaya chifukwa cha ukwati kaya kalaliki adalakwitsa kalembedwe, konzani tsopano ndi chikalata cholumbirira, kafukufuku asanafike.

Digiri kapena mayeso a ukatswiri?

Pamene ndalama zili zovuta, ine ndimakondera maphunziro omwe munthu angalipire chidutswachidutswa n'kuima kaye zikavuta, osataya zomwe wakhoza kale. Mayeso a mabungwe a ukatswiri ali choncho. ACCA, ya akatswiri a maakaunti, ili ndi mayeso 13, ambiri mwa iwo amalembedwa kanayi pa chaka, mu Marichi, Juni, Seputembala ndi Disembala, ndipo mukhoza kulemba limodzi pa nthawi. Kuti mukhale membala pamafunikanso phunziro la chikhalidwe choyenera pantchito ndi miyezi 36 yogwira ntchito ya maakaunti, zomwe ntchito yanu ya m'boma ikhoza kukwaniritsa ngati muli ndi woyang'anira woyenerera wokusainirani. Amene ali ndi digiri ya maakaunti amakhululukidwa mayeso ena, mpaka 9, ngakhale kuti kukhululukidwako nakonso kumalipiridwa. Chenjerani ndi gawo lomaliza: mayeso a pamenepo amatha mphamvu pakadutsa zaka 7 musanamalize gawolo. Kwa ogula katundu, CIPS imayenda ndi Level 4, 5 ndi 6, ndipo umembala wonse umafuna zaka zitatu za ntchito. Ofufuza za ndalama mkati mwa maunduna ali ndi satifiketi ya CIA, yomwe ili ndi zigawo zitatu zokha. Oyendetsa mapulojekiti ali ndi satifiketi ya PMP, yomwe kwa munthu wa digiri imafuna miyezi 36 yotsogolera mapulojekiti ndi maola 35 a maphunziro. Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha, ndipo anthu ambiri omwe ndawaona akumaliza mayesowa ali pantchito ankalemba pepala limodzi kapena awiri pa chaka.

Koma pali msampha womwe anthu sauona poyamba. Mayesowa amalipiridwa m'ndalama zakunja, ACCA ndi CIPS m'mapaundi, PMP m'madola, pamene malipiro anu ali m'ndalama ya dziko lanu. Ndalama ya dziko ikagwa, fizi imakwera usiku umodzi inu osalakwa kanthu. Zidachitika ku Egypt mu 2016, ku Nigeria mu 2023, ndi ku Malawi komwe kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho mukasonkhanitsa ndalama ya pepala limodzi, lipirani pomwepo, musaisunge kudikira tsiku lomaliza. Kumbukiraninso kuti pali ndalama ya chaka ndi chaka yomwe mumalipira ngakhale simukulemba mayeso, ndipo mukadzamaliza umembala nawo umafuna ndalama ndi maphunziro oonjezera: ACCA imafuna mayunitsi 40 pa chaka, PMP imafuna 60 pa zaka zitatu zilizonse. Funsani ngati dziko lanu lili ndi bungwe lakelake la ukatswiri womwewo. Nthawi zambiri pepala lake limavomerezeka m'boma chimodzimodzi ndipo mumalipira m'ndalama yanu.

Kwa anamwino, madokotala, mainjiniya ndi ena onse omwe ntchito yawo imafuna chiphaso, choyamba ndi kusalola chiphasocho kutha. Ndi ndalama yochepa kuposa digiri iliyonse, koma ndaonapo munthu akuchotsedwa pa mndandanda wa intavyu chifukwa chiphaso chake chidatha chaka chapitacho.

Digiri kapena masitazi ichitike ngati chikalata chija chanena poyera kuti popanda iyo simungadutse giredi yakutiyakuti. Zikatero sankhani yophunzira muli pantchito, madzulo, kumapeto kwa sabata kapena mwa patali ngati momwe yunivesite ya UNISA ya ku South Africa imachitira, ndipo funsani ngati mungalandire dipuloma mukalekezera panjira.

Chilolezo ndi bondi

Ngakhale mukudzilipirira nokha ndiponso mukuphunzira pa nthawi yanu, lembani kalata yopempha chilolezo kudzera kwa bwana wanu. M'maboma ambiri maphunziro omwe munthu adachita popanda chilolezo amavuta kuwawerengera pokweza giredi kapena malipiro, ndipo tsiku la mayeso mudzafuna kuchoka pantchito. M'kalatamo musapemphe ndalama, ndalamazo palibe ndipo kalata yotero imangogona m'tireyi. Nenani dzina la maphunziro, sukulu, nthawi yomwe adzatenge, kuti mudzilipirira nokha, masiku omwe mudzafune pa mayeso, ndi momwe nthambi yanu idzapindulire. Ikhale ya tsamba limodzi basi. Bwana amene akusowa anthu amasaina msanga akaona kuti simukuchoka pa desiki.

Ngati mwapatsidwa tchuthi cha maphunziro cholipidwa, mudzasainitsidwa bondi, pangano loti mukabwerera mudzagwira ntchito zaka zakutizakuti kapena mudzabweza ndalama. Werengani kuti mudzabweza chiyani: fizi yokha, kapena ndi malipiro onse omwe munkalandira muli kusukulu. Onaninso ngati akufuna anthu okuikirani kumbuyo, chifukwa inu mukathawa ngongoleyo imagwera iwo. Tchuthi chosalipidwa chili ndi funso lake, lomwe muyenera kufunsa a za penshoni: kodi zaka zimenezo zidzawerengedwa?

Ndalama zichokera kuti

Za katapila ndi ngongole zodula pa malipiro zokhala ndi chiwongoladzanja chachikulu, ayi ndithu. Pa nthawi ya chiletso simudziwa kuti pepalalo lidzayamba liti kukubwezerani ndalama, pamene ngongole imayamba kudula mwezi wotsatira. Ndimaona mapepala a malipiro a anthu, ndipo amene ndalama yotsala yafika pongokwanira thiransipoti ndi amene amayamba kusakasaka mawekishopu a alawansi m'malo mowerenga.

Thandizo lakunja lilipo, ndipo ogwira ntchito m'boma ali ndi mwayi woposa ena chifukwa opereka thandizo amafuna anthu omwe adzabwerere kukagwira ntchito za boma. Sikolashipi ya Chevening ya ku Britain imafuna munthu amene wagwira ntchito maola 2,800, pafupifupi zaka ziwiri, imatsegula cha mu Ogasiti kuti mukaphunzire chaka chotsatira, ndipo mumalonjeza kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri. Commonwealth ili ndi thandizo la masitazi yophunzira muli kunyumba, yomwe imakomera munthu amene sangasiye banja ndi ntchito. Thandizo la boma la Japan lodzera ku World Bank limafuna zaka zitatu za ntchito yachitukuko. Onsewa amafuna makalata okuchitirani umboni ndi nkhani yolongosola zomwe mwachita pantchito, choncho yambani kukonzekera miyezi ingapo asanatsegule.

Palinso makosi aafupi a ITEC ya ku India, yomwe idayamba mu 1964, a JICA ya ku Japan ndi a KOICA ya ku South Korea. Amenewa amadzera m'boma. Kalata yoitana imafika ku likulu, imasindikizidwa chidindo, imayenda maofesi angapo, ndipo pofika ku nthambi yanu nthawi zina tsiku lotseka latsala pang'ono kapena ladutsa. Dziwani ofesala amene amalandira makalata amenewa, mumuuze gawo lomwe mukufuna, ndipo pasipoti yanu ikhale yamoyo. Mipata yambiri imabwerera yopanda munthu chifukwa woyenerera adalibe pasipoti.

Makosi aulere a pa intaneti, monga a IMF pa tsamba la maphunziro la edX okhudza bajeti, ngongole za boma ndi ziwerengero, ndi abwino pophunzira ntchito, ndipo amakupatsani zoyankhula pa intavyu. Koma kunena zoona, pa tebulo losankhira mayina masatifiketi 20 otere salowa m'malo mwa pepala limodzi lomwe chikalata chikufuna. Chimodzimodzinso masatifiketi osonyeza kuti mudakhala nawo pa wekishopu.

Ntchito ya ena yomwe yagwera inu

Anthu akamachoka osalowedwa m'malo, ntchito yawo imagwera otsala. Apa ndi pomwe pali phindu lalikulu la nthawi ya mavuto, komanso pomwe anthu ambiri amaluza. Bwana amangoti, "Inu mudziona kaye za ofesi ya uje," inu n'kusenza udindowo zaka ziwiri. Mpando ukalengezedwa, mu fayilo mulibe chosonyeza kuti mudaugwirapo.

Pemphani kalata yokuikani kukhala wogwirizira udindowo, yokhala ndi tsiku loyambira. Akakuuzani kuti ndalama ya alawansi yogwirizira palibe, musakangane nawo pamenepo, pemphani kalata yongonena kuti mwapatsidwa ntchito zakutizakuti kuyambira tsiku lakuti. Akazengereza, lembani inuyo kakalata kaulemu: "Bwana, potsatira zomwe mudandilangiza, ndayamba kugwira ntchito izi kuyambira tsiku lakuti," n'kutumiza kope ku ofesi ya ogwira ntchito. Palibe bwana woganiza bwino amene angakwiye nazo.

Khalaninso ndi kabuku kanu kolembamo zomwe mwachita, ndi manambala ake: malipoti omwe mudakonza, mafunso a ofufuza za ndalama omwe mudawayankha n'kutsekedwa, masiku omwe ntchito inkatenga kale ndi omwe ikutenga tsopano. Zinsinsi za boma musalembemo ndipo musatenge makope a zikalata kupita nawo kunyumba. Fomu younika ntchito ya pachaka idzazidwe chaka chilichonse ngakhale aliyense akunena kuti ilibe ntchito. Pokweza anthu timafunsa mafomu a zaka zingapo zapitazo, ndipo bwana amene akadakusainirani akhoza kukhala atasamutsidwa kapena atamwalira.

Pena mavuto amafika posamutsa anthu. Ku Ireland, pangano la Croke Park la 2010 lidateteza anthu kuti asachotsedwe ntchito, koma iwo adavomera kusamutsidwira ku maofesi ena mpaka mtunda wa makilomita 45. Ku Greece mu 2013 alonda a m'sukulu, apolisi a m'makhonsolo ndi aphunzitsi ena a ntchito zamanja adaikidwa pa mndandanda wodikira, akulandira 75 peresenti ya malipiro kwa miyezi 8, kuti apezeredwe malo ena kapena achotsedwe. Zikafika potero, amene amasamutsika mosavuta ndi amene ali ndi luso lofunika mu unduna uliwonse: kulemba lipoti lomveka, kugwiritsa ntchito Excel mopitirira kungolemba mayina, kumvetsa bajeti ndi malamulo ogulira katundu. Zimenezi mukhoza kuphunzira pa kompyuta ya mu ofesi popanda fizi.

Kaoneni fayilo yanu

Ambiri amafika popuma pantchito asanaionepo. Pemphani mwa kalata kuti muione pamaso pa ofesala. Ndi chikwatu cha pepala lolimba chomangidwa ndi kachingwe pakona, tsamba lililonse lili ndi nambala yolembedwa pamanja pamwamba. Tsatirani manambalawo. Mukaona 34 kenako 37, masamba awiri adachoka, ndipo kawirikawiri amakhala omwe mudzawafune. Onetsetsani kuti muli kalata yokulembani ntchito, kalata yokutsimikizani mutatha nthawi yoyesedwa, makalata onse okukwezani ndi okusamutsani, chilolezo cha maphunziro, masatifiketi, mafomu ounika ntchito, komanso kuti tsiku lanu lobadwa ndi tsiku loyamba ntchito zikufanana ndi zomwe zili mu kompyuta ya malipiro. Kalata yotsimikiza ija ndi yomwe imasowa kwambiri, ndipo m'maboma ambiri munthu wosatsimikizidwa sakwezedwa. Ngati mudasamutsidwapo, funsani ngati fayilo ya ku likulu ili ndi zofanana ndi ya komwe mukugwira, chifukwa posankha mayina timatsegula ya ku likulu.

Mukalandira satifiketi yatsopano, musangoipereka m'manja mwa mesenjala. Jambulitsani makope, akasindikizidwe ndi woyenera kutsimikiza zikalata, muphatikize ndi pepala la zotsatira za mayeso ndi kalata ya chilolezo ija, ndipo mulembe kalata yoperekera. Pitani nazo nokha komwe amalandirira makalata, muli ndi kope lachiwiri la kalatayo, kuti akudindireni chidindo cha tsiku lomwe alandira. Kope limenelo sungani kunyumba pamodzi ndi satifiketi yeniyeni. Pakatha mwezi bwererani mukafunse nambala ya tsamba lomwe aikapo mu fayilo, ndipo muilembe pa kope lanulo.